Mwagula TV ya HD koma chithunzi chidakali mbuu: vuto lagona pati?

Pa TV iliyonse imene ili m'sitolo masiku ano, kaya ndi ku Limbe, ku Area 2 ku Lilongwe kapena ku Kamwala ku Lusaka, pamakhala pomatidwa zilembo zokopa: HD, Full HD, UHD, 4K. Chithunzi chimene amaonetsa m'sitolomo chimakhala chosiririka, mpaka nthenga za mbalame kuoneka imodziimodzi. Koma munthu akafika nayo kunyumba n'kulumikiza dikoda yake, nkhope ya wowerenga nkhani ili mbuu, zilembo zoyenda m'munsi sizikuwerengeka bwino, mpira ukamenyedwa ukusiya mchira. Ena amafika ponena kuti TV yakale ya chimsana ija inkaonetsa bwino kuposa yatsopanoyi, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona.

Kawirikawiri TV imakhala ilibe mlandu. Zilembo zija zimangonena chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi kuchuluka kwa timadontho timene sikirini yake ingathe kuonetsa. Sizinena kanthu za kumene kanemayo wachokera, mmene anamufinyira kuti adutse pa setilaiti kapena pa intaneti, chingwe chimene chamulowetsa mu TV, ngakhale mtunda umene inu mwakhala. Chithunzi chimadutsa m'manja ambiri chisanafike m'maso mwanu, ndipo kanthu kakatayika panjira, wa kutsogolo sangakabwezeretse.

Timadontho ndi manambala ake

Mukayandikitsa diso pa sikirini ya TV, ya kompyuta kapena ya foni, mudzaona kuti chithunzi chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere. Timeneti ndi mapikiselo. Kadontho kalikonse kali ndi tizigawo titatu, kofiira, kobiriwira ndi ka buluu, ndipo mtundu uliwonse umene mumaona umabwera chifukwa cha mmene tizigawo timeneti tawalira kapena kuthimira. Timadontho tikachuluka pamalo omwewo, zinthu zing'onozing'ono monga udzu wa pabwalo, tsitsi, kapena nambala ya kumsana kwa wosewera zimaoneka bwinobwino.

Wailesi yakanema imene tinaizolowera kuno, kuphatikizapo pamene Television Malawi inkayamba mu 1999, inali ya dongosolo lotchedwa PAL. Inali ndi mizere 625, koma yooneka ndi maso inali 576. Chithunzi chimenechi akachiika pa DVD chimakhala ndi timadontho 720 chopingasa ndi 576 chotsika, tonse pamodzi 414,720. Ameneyu ndiye amatchedwa SD, kanema wamba. Ku America ndi ku Japan mizere yooneka inali 480 yokha, n'chifukwa chake pa YouTube mumapeza nambala ya 480. Ma VCD aja ankaonetsedwa m'nyumba za vidiyo m'misika anali ochepera pamenepo: timadontho 352 chopingasa ndi 288 chotsika.

HD imayambira pa 720, kutanthauza timadontho 1280 chopingasa ndi 720 chotsika, tonse 921,600. Full HD ndi 1920 ndi 1080, timadontho 2,073,600, komwe kuli kuwirikiza DVD kasanu. Imene amaitcha 4K kapena UHD ndi 3840 ndi 2160, timadontho topitirira mamiliyoni 8, kuwirikiza Full HD kanayi ndendende. Pali kusokoneza pang'ono apa: 720 ndi 1080 amawerenga chotsika, pamene 4K akuwerenga chopingasa, pafupifupi 4,000. Ogulitsa anasintha kawerengedwe chifukwa nambala yaikulu imakopa. Akanatsatira njira yakale akanangoti 2160.

Palinso chizindikiro cha HD Ready, chimene makampani a ku Ulaya anayambitsa mu 2005. TV zambiri za mainchesi 32 zokhala ndi chizindikirochi zili ndi timadontho 1366 ndi 768. Zimalandira kanema wa 1080, koma zimayamba zamuchepetsa kaye kuti akwane pa sikirini. Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika: kulandira ndi kuonetsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pabokosi kapena m'kabuku ka TV, funani nambala ya timadontho ta sikirini yeniyeniyo, osati mndandanda wa zimene TV imalandira.

Kumene zinachokera

Dzina loti high definition ndi lakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Pamene BBC inkayamba kuulutsa kanema nthawi zonse kuchokera ku Alexandra Palace ku London mu November 1936, mizere 405 imene inagwiritsa ntchito inkatchedwa ndi dzina lomweli, chifukwa zoyeserera zam'mbuyo zinali ndi mizere 30 yokha. HD ya masiku ano inayambira ku Japan, kumene akatswiri a wailesi ya NHK anagwira ntchito kwa zaka zambiri pa dongosolo la mizere 1125 lotchedwa Hi-Vision, ndipo anayamba kuliulutsa pa setilaiti mu 1989. Mu 1990 bungwe la ITU, limene limagwirizanitsa mayiko pa nkhani za mauthenga, linakhazikitsa muyezo wa HD wotchedwa 709, umene ukugwirabe ntchito. America inayamba kuulutsa HD ya dijito mu 1998. Kuno kummwera kwa Africa, MultiChoice inayamba kuonetsa HD pa DStv mu 2008, chaka cha masewera a Olympics a ku Beijing.

HD inabweranso ndi mawonekedwe atsopano a sikirini. TV yakale inali ya 4:3, pafupifupi yofanana mbali zonse. Yatsopano ndi ya 16:9, yotambalala. Katswiri wina wa ku America, Kerns Powers, ndiye anapereka ganizo la 16:9 m'zaka za m'ma 1980, pofuna malo apakati pomwe kanema wa pa TV ndi mafilimu otambalala a m'nyumba zoonetsera zonse zingakwane popanda kutaya zambiri. N'chifukwa chake kanema wakale amasiya mipata yakuda kumanzere ndi kumanja, pamene mafilimu ambiri amasiya mipata yakuda pamwamba ndi pansi. Anthu ambiri mipata imeneyi imawanyansa, ndiye amakoka chithunzi kuti chidzaze sikirini yonse. Zotsatira zake aliyense amaoneka wamfupi ndi wonenepa, ndipo mpira umasanduka chowulungika chosongoka. Ine ndimati mipata yakudayo isiyeni. Sikuti TV yawonongeka, ikungolemekeza mmene kanemayo anajambulidwira.

Zilembo p ndi i

Kumapeto kwa nambala kumakhala kachilembo, monga 1080p kapena 1080i. Kanema ndi zithunzi zambiri zosinthana mofulumira, ndipo kachilembo kameneka kamanena mmene chithunzi chilichonse chimafikira. Pa p, chithunzi chonse chimabwera nthawi imodzi. Pa i, chimabwera m'magawo awiri: poyamba mzere woyamba, wachitatu, wachisanu mpaka pansi, kenaka wachiwiri, wachinayi, wachisanu ndi chimodzi. Nzeru imeneyi inatulukiridwa kale kuti chithunzi chisamaphethire koma osawirikiza katundu woulutsidwa, ndipo pa TV za chimsana inkagwira bwino ntchito, chifukwa TV zimenezo zinkalembadi chithunzi mzere ndi mzere.

Sikirini zopyapyala za masiku ano sizitero, zimaonetsa timadontho tonse pamodzi. Choncho zikalandira kanema wa i zimayenera kulumikiza magawo awiriwo. Vuto ndi lakuti magawowo sanajambulidwe nthawi imodzi, ndiye chinthu chothamanga chimakhala chitasuntha pang'ono pakati pawo. TV kapena pulogalamu ikalumikiza mosasamala, m'mbali mwa chinthu choyenda mumaoneka timanomano. Mukaona zimenezi pa kompyuta, mu pulogalamu yoonerera makanema ya VLC muli posankha pamene palembedwa Deinterlace, ndipo mukatsegula pamenepo timanoto timatha.

Kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi nakonso kuli ndi mbali yake. Mafilimu amajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi. Kumayiko kumene magetsi amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, monga kwathu kuno ndi ku Ulaya, wailesi yakanema inatsatira 25 ndi 50, pamene ku America inatsatira 30 ndi 60. Pa mpira, zithunzi 50 pa sekondi zimathandiza kwambiri kuposa timadontho tambiri. Mpira wa 720p wa zithunzi 50 umatsatika bwino ndi maso kuposa wa 1080p wa zithunzi 25.

TV yaikulu, kanema wamng'ono

Tsopano tibwerere ku dandaulo lija lakuti TV yakale inkaonetsa bwino. Mukapatsa TV ya 4K kanema wa SD, mwaipatsa timadontho pafupifupi 415,000 kuti idzaze malo a timadontho mamiliyoni 8. Kadontho kamodzi kenikeni kayenera kubala ena pafupifupi 20, ndipo TV imachita kuganizira mtundu wa otsalawo poyang'ana oyandikana nawo. Zili ngati kuthira madzi m'thobwa kuti likwanire anthu ambiri: ndowa imadzaza, koma chimera chimakhala chomwe chija. TV zodula zimaganizira mwanzeru kuposa zotchipa, koma palibe imene ingatulutse tsatanetsatane amene kamera sinatumize. TV yakale ya mainchesi 21 inali yaing'ono ndipo galasi lake linkasalaza zolakwika. Yatsopano ya mainchesi 55 imazikulitsa n'kuziika poyera.

Apa tikumbukire kuti dijito ndi HD si chinthu chimodzi. Mu 2006 ku Geneva mayiko a mu Africa ndi Ulaya anagwirizana zosiya kuulutsa kwa analogi, njira yakale ija monga PAL, pofika pa 17 June 2015, ndipo mu 2010 mayiko a SADC anasankha dongosolo la DVB-T2. Ku Malawi ntchito yofalitsa mafunde a dijito inaperekedwa kwa Malawi Digital Broadcast Network Limited, imene ambiri amaidziwa ndi dikoda ya Kiliye Kiliye. Kusinthaku kunachotsa mchenga ndi zithunzi zooneka pawiri pa sikirini ndipo kunachulukitsa matchanelo, koma tchanelo ikhoza kukhala ya dijito n'kukhalabe ya mizere 576. Kuti ikhale ya HD pafunika kuti makamera, zipangizo za mu situdiyo ndi malo amene yapatsidwa pa mafunde zonse zikhale za HD. Mwini mafunde nthawi zonse amasankha pakati pa matchanelo ambiri ofinyidwa kwambiri ndi matchanelo ochepa ooneka bwino, chifukwa malo ndi ochepa ndipo ndi odula.

Dijito ilinso ndi khalidwe lake mafunde akafooka. Analogi inkafooka pang'onopang'ono, munkaonerabe mpira m'kati mwa mchenga. Dijito imaonetsa bwino mpaka pamalire ena, kenaka chithunzi chimasweka m'timabokosi, n'kuuma, n'kuzimiratu. Ndi zimene zimachitika pa dishi mvula yamphamvu ikamagwa, popeza madontho a mvula amamwa mafunde ochokera ku setilaiti. Dishi yolunjikitsidwa bwino ndi chingwe chosalowa madzi zimapirira mvula nthawi yotalikirapo.

Kufinya: pamene pagona nkhani yonse

Chinthu chimene sichilembedwa pabokosi la TV, koma chimalamula kwambiri maonekedwe a chithunzi, ndi kufinya. Tiyeni tiwerengere limodzi. Chithunzi chimodzi cha Full HD chosafinyidwa chimatenga pafupifupi 6 MB. Zithunzi 25 pa sekondi ndi pafupifupi 155 MB. Ola limodzi ndi pafupifupi 560 GB. Chimbale cha Blu-ray cha 25 GB chikanadzaza mphindi zitatu zisanakwane. Palibe setilaiti, netiweki ya foni kapena fulashi imene ingasenze katundu wotere, choncho kanema aliyense amene munaonerapo kunyumba ndi wofinyidwa, kawirikawiri kuchepetsedwa maulendo oposa 100.

Mmene amachitira n'zochititsa chidwi. Choyamba, diso la munthu limazindikira kuwala ndi mdima kuposa mitundu, ndiye amasunga kuwala kwa kadontho kalikonse koma mtundu amasunga umodzi pa timadontho tinayi. Pamenepo pokha theka la katundu lapita, inu osazindikira. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, zithunzi zotsatizana zimafanana kwambiri. Wowerenga nkhani akamalankhula, khoma la kumbuyo kwake silisintha, chimene chikuyenda ndi milomo, maso ndi mutu pang'ono. Ndiye m'malo motumiza chithunzi chathunthu maulendo 25 pa sekondi, amatumiza chathunthu chimodzi, kenaka kwa kanthawi amangotumiza malangizo: kabokosi aka kasunthire kumanja pang'ono, aka kasiyeni mmene kalili, apa pokha ndi pamene pasintha. Chachitatu, m'kabokosi kalikonse amataya tizinthu tating'ono kwambiri timene akuganiza kuti diso silingatione.

Mukamvetsa zimenezi, zambiri zimene zimakudabwitsani zimamveka. Nkhani za madzulo zimaoneka bwino pamene mpira pa tchanelo yomweyo ukusweka, chifukwa pa mpira kamera ikutembenuka, udzu wonse ukuyenda, gulu la ochemerera likugwedezeka, ndipo pafupifupi kadontho kalikonse kakusintha nthawi imodzi. Mvula, utsi, madzi a m'nyanja, masamba a mitengo kukamawomba mphepo ndi malo amdima ndi zimene zimavuta kufinya. Malo operekedwa akachepa, makina ofinyira amataya zambiri, ndipo mumaona timabokosi, mizeremizere kumwamba dzuwa likamalowa, ndi nkhope zosalala zopanda makwinya.

Muyezo wa malo amenewa ndi Mbps, kuchuluka kwa deta imene kanema akudya pa sekondi. Chimbale cha Blu-ray chimatha kupereka mpaka 40 Mbps ku chithunzi chokha. Fayilo ya filimu ya maola awiri yolemera 700 MB, ngati aja amaika pa fulashi ndi pa memori khadi m'misika, imapereka zosakwana 1 Mbps. Zonse ziwiri zikhoza kulembedwa 1080p, ndipo palibe amene wanama, chifukwa timadontho n'tofanana nambala. Koma m'fayilo yaing'onoyo timadontho tambiri tangodzazidwa ndi zongoganizira. Kanema wa 720p wopatsidwa malo okwanira amaposa wa 1080p wofinyidwa mopitirira, ndipo zimenezi n'zimene ndikanakonda wogula aliyense akanamazidziwa.

Njira zofinyira, zimene amazitcha makodeki, zakhala zikupita patsogolo. MPEG-2 ya m'ma 1990 ndi imene ili pa DVD. H.264, ya mu 2003, ndi imene inachititsa kuti HD ifalikire, ndipo pafupifupi chipangizo chilichonse chimaiwerenga. H.265, imene imatchedwanso HEVC, inabwera mu 2013 ndi cholinga chopereka chithunzi chofanana pa theka la deta. Google ili ndi VP9 imene imagwira ntchito kwambiri pa YouTube, ndipo mu 2018 kunatuluka AV1, yopangidwa ndi mgwirizano wa makampani monga Google, Netflix, Amazon ndi Microsoft kuti pasakhale zolipira eni luso. Kwa ife amene timagula deta mwa bandulo, kodeki yatsopano ndi nkhani yabwino, koma imafuna chipangizo champhamvu kuti chimasule zimene zafinyidwazo.

Pa intaneti, HD ndi ndalama

YouTube inayamba kuonetsa 720p mu 2008, 1080p mu 2009 ndi 4K mu 2010. Malangizo ake amati pafunika liwiro la 1.1 Mbps pa 480p, 2.5 Mbps pa 720p, 5 Mbps pa 1080p ndi 20 Mbps pa 4K. Kuti mudziwe tanthauzo lake m'thumba, kumbukirani kuti Mbps ndi ma Mb pa sekondi, ndipo Mb ndi MB n'zosiyana: ma Mb 8 ndiwo amapanga MB imodzi. Pa 5 Mbps, ola limodzi ndi pafupifupi 2.25 GB, ndiye mpira umodzi pamodzi ndi nthawi yopuma ukhoza kudya 4 GB. Pa 480p ola lomwelo ndi pafupifupi theka la GB. Netflix nayo imati HD imatha kudya mpaka 3 GB pa ola ndipo 4K mpaka 7 GB.

Mapulogalamu amenewa amasunga kanema mmodzi m'miyezo ingapo, atamudula m'tizidutswa ta masekondi ochepa. Netiweki ikathamanga amakupatsani kachidutswa kabwino, ikafooka amatsika. N'chifukwa chake kanema amayamba mbuu n'kuyera pakapita kanthawi, kapena kuipa madzulo pamene anthu ambiri ali pa nsanja imodzi ya netiweki. Mukasiya pa Auto, pulogalamu imakwera yokha netiweki ikakhala bwino, ndipo bandulo imatha musakudziwa. Pa foni ya mainchesi 6, 480p imakwanira pa nkhani, maulaliki ndi nyimbo, ndipo 720p ndi yokwanira pafupifupi pa chilichonse. Kuonera 1080p kapena 4K pa kasikirini kotere ndi deta yogula ndi kutaya ndalama. Pamene HD imafunikadi ndi pa maphunziro okhala ndi zilembo zing'onozing'ono, monga masamu olembedwa pabolodi kapena phunziro loonetsa sikirini ya kompyuta.

Chingwe chachikasu

Ngati pali chinthu chimodzi chimene chawononga chithunzi m'nyumba zambiri, ndi chingwe cha mitu itatu chija, wachikasu, woyera ndi wofiira. Mutu wachikasu ndiwo umanyamula chithunzi, ndipo sungapitirire mizere 576, zivute zitani. Dikoda ikhoza kukhala ya HD, tchanelo ya HD, mwalipira phukusi lokhala ndi HD, TV ya 4K, koma mukalumikiza ndi chingwe chachikasu mukuonera SD, yosakanikirananso mitundu m'mbali. Chofunika ndi chingwe cha HDMI, chimene chimanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi mwa dijito. Mukachilumikiza, lowaninso m'makonzedwe a dikoda n'kuona ngati ikutulutsa 1080, chifukwa zina zimakhala zitatsalira pa 576.

HDMI inayamba mu 2002 ndipo yakhala ikukula. Mtundu wa 1.4 wa mu 2009 umanyamula 4K pa zithunzi 30 pa sekondi, wa 2.0 wa mu 2013 umafika pa 60, ndipo wa 2.1 wa mu 2017 umapitirira pamenepo. Pa 1080 chingwe wamba chachifupi chimakwanira. Musalole kuuzidwa kuti chingwe chodula cha mitu yagolide chimakometsa mitundu. Chingwe cha dijito chikamagwira ntchito chimapereka chithunzi chomwecho. Chikalephera mumaona timadontho tothwanima kapena sikirini kuthimathima, ndipo pamenepo ndi pofunika china.

Pa kompyuta

Malaputopu ambiri akale ndi otsika mtengo ali ndi sikirini ya 1366 ndi 768, choncho kukopera fayilo ya 4K kuti muonerepo ndi kudzaza malo pachabe. Kanema akamadukaduka, mawu akutsogola chithunzi chikutsalira, fani ikulira ndipo laputopu ikutentha, nthawi zambiri vuto ndi kodeki. Makompyuta ali ndi kagawo kapadera komasula kanema, koma kamadziwa makodeki a nthawi imene kompyutayo inapangidwa. Yakale imadziwa H.264 koma HEVC kapena AV1 ayi, ndiye ntchito yonse imagwera purosesa, imene imatopa. Mankhwala ake ndi kupeza kanema yemweyo wa H.264 kapena wa 720p.

Dziwaninso kuti MP4 ndi MKV si makodeki. Ndi zotengera chabe, zimene m'kati mwake mumakhala chithunzi, mawu ndi mawu olembedwa, chilichonse ndi kafinyidwe kake. Ndiye chifukwa chake MP4 ina imatseguka pa TV pamene ina ikukana, kapena chithunzi chikuoneka koma mawu osamveka. Kusintha dzina la fayilo sikuthandiza. Pa kompyuta, VLC, pulogalamu yaulere imene inayambira ku France, imatsegula pafupifupi zonse. Fulashi ikamakana fayilo yaikulu chonsecho malo alipo, ndiye kuti inakonzedwa mwa FAT32, imene silandira fayilo yoposa 4 GB. ExFAT kapena NTFS zimalandira, ngakhale kuti si TV zonse zimene zimaziwerenga.

Polumikiza laputopu ku TV, HDMI ndiyo njira yabwino. Chingwe cha VGA cha mutu wa buluu chimatha kunyamula 1080, koma ndi cha analogi ndipo sichinyamula mawu. Pa Windows, mukadina batani la Windows pamodzi ndi P mumasankha mmene sikirini ziwirizo zigwirire ntchito. Mukasankha kuti zonse zionetse zofanana, kawirikawiri TV imatsitsidwa kuti ifanane ndi laputopu. Sankhani kuti ionetse TV yokha, kapena kuti ikhale sikirini yachiwiri, kuti ilandire timadontho take tonse. M'mbali mwa chithunzi mukadulidwa, ndi chizolowezi chimene TV zinatengera ku nthawi yakale chokulitsa chithunzi pang'ono. Chimazimitsidwa pa makonzedwe a kukula kwa chithunzi, pamene makampani ena amalemba Just Scan, ena Screen Fit.

Diso nalo lili ndi malire

Funso lakuti 4K ndi yofunika kapena ayi limayankhidwa ndi tepi yoyezera. Munthu wa maso abwino amasiya kusiyanitsa timadontho ta Full HD akakhala pa mtunda wowirikiza katatu msinkhu wa sikirini, ndipo pa 4K ndi theka la mtunda umenewo. TV ya mainchesi 32 ndi yaitali pafupifupi masentimita 40 kuchoka pamwamba kufika pansi. Phindu lonse la 1080 pa TV imeneyi limaoneka mukakhala pa mita imodzi ndi pang'ono, ndipo mukapitirira mamita 2, 720 ndi 1080 zimaoneka chimodzimodzi. TV ya mainchesi 55 ndi yaitali pafupifupi masentimita 68. Full HD imakwanira pa mamita 2 ndi pang'ono, ndipo kuti muone zonse za 4K muyenera kukhala pafupi ndi mita imodzi. M'zipinda zambiri zochezera mpando umakhala pa mamita atatu.

Choncho pa TV ya mainchesi 32, HD Ready si yochititsa manyazi. Pa 40 kapena 43, Full HD ndi yokwanira. Kuyambira 50 kupita m'tsogolo TV zambiri zimabwera kale zili 4K, ndipo palibe cholakwika, bola musayembekezere zodabwitsa ngati zimene mumaonera ndi matchanelo a SD. Chimene chimasiyanitsadi TV yabwino ndi yoipa ndi mmene imaonetsera zakuda kukhala zakuda, mitundu yake, ndi mmene imaonekera kwa amene wakhala chammbali. HDR, imene imawonjezera kusiyana kwa kuwala ndi mdima ndiponso imapereka magawo 1,024 a mtundu uliwonse m'malo mwa 256, imaoneka ndi maso ngakhale muli patali. Koma imafuna sikirini yowala kwambiri, ndipo TV zambiri zotchipa zolembedwa HDR zimangoilandira osatha kuionetsa. Kwa amene amadalira sola ndi batire, sikirini yaikulu ndi yowala imamalizanso moto msanga.

TV ya m'sitolo imakhala pa makonzedwe otchedwa Vivid kapena Dynamic, opangidwira kupikisana ndi zinzake pansi pa magetsi owala, ndipo kanema amene amaonetsa ndi wosankhidwa mwapadera, wa 4K, woyenda pang'onopang'ono, wosavuta kufinya. Kunyumba sinthani muike Movie, Cinema kapena Standard, ndipo Sharpness muitsitse, chifukwa siwonjezera tsatanetsatane, imangojambula timizere toyera m'mbali mwa zinthu n'kukulitsa timabokosi ta kufinya. Masiku oyamba chithunzi chimaoneka chozizira, koma khungu la anthu limabwerera mtundu wake weniweni. Pogula, pitani ndi fulashi yanu yokhala ndi kanema wa mtundu umene mumaonera tsiku ndi tsiku, mupemphe akuikireni.

Mukakhala wojambula ndinu

Zonsezi zimakhudzanso makanema athu, a zinkhoswe, maukwati, makwaya ndi misonkhano ya mpingo. Foni zambiri tsopano zimajambula 1080p, koma kanema akadutsa pa WhatsApp amafinyidwanso n'kuchepetsedwa. Wina akamuika pa Facebook amafinyidwa kachiwiri, wina n'kumukopera kumeneko n'kumutumizanso, ndipo ulendo uliwonse kanthu kamatayika. Akamafika kwa achibale ku Johannesburg kapena ku Leeds n'kumuika pa TV yaikulu, nkhope ya mkwatibwi sizindikirikanso. Mu 2023 WhatsApp inawonjezera batani la HD, limene limathandiza, koma njira yosunga kanema mmene alili ndi kumutumiza ngati Document, ngakhale imadya deta yambiri.

Pojambula, gonekani foni chopingasa ngati kanemayo adzaonetsedwa pa TV, pukutani diso la kamera, ndipo funani kuwala, chifukwa mumdima kamera imatulutsa timchenga timene makina ofinyira amalimbana nato n'kuwononga zina zonse. Mukalemba ntchito munthu wojambula ukwati, gwirizanani pasadakhale kuti adzakupatseni fayilo yeniyeni ya 1080p pa fulashi kapena pa hadi diraivu, osati DVD yokha, popeza DVD imathera pa mizere 576 ngakhale kamera yake ikhale yabwino chotani. Fayilo imeneyo muisunge malo awiri, ndipo zotumiza pa foni muzikopera kuchokera pa iyo.